Mwana wafika kumene kuchokera dziko lina: tim'lowetse kuti kuno ku Chipata?

Kuno kum'mawa tikamanena za ana obwera kuchokera kunja sitinena mwana wa mtundu umodzi. Pali uja wadutsa pa Mwami kuchokera ku Mchinji kapena ku Kasungu, makolo ake atabwera kudzagwira ntchito m'minda ya fodya kapena kudzagulitsa pa Saturday Market. Pali wa ku Tete, wolowera pa Chanida n'kudzakhala kwa azakhali ake ku Katete, Chinyanja chili pakamwa koma sukulu yonse anaiphunzira m'Chipwitikizi. Pali ana a anzathu a ku Congo ndi Burundi a timashopu ta m'makomboni, amene kunyumba amalankhula Chiswahili kapena Kirundi ndipo makope awo akale ndi a Chifalansa. Ndiye palinso mwana wathu weniweni wobadwira ku Johannesburg kapena ku Harare, Chizungu chake chosalala, koma agogo akamufunsa kuti wauka bwanji amangoyang'ana amayi ake.

Makolo onsewa amafika pakhomo la ofesi ya a hedi, ndipo funso loyamba kumveka limakhala lakuti, "Nanga Chizungu amamva?" Ine amene ndadya fumbi la choko ndimati funsolo lidikire. Loyamba likhale lakuti: kodi mwanayu amawerenga? M'chinenero chilichonse, kaya Chipwitikizi, Chifalansa kapena Chichewa cha ku Malawi. Mwana amene angawerenge ndime ya Chipwitikizi n'kukufotokozerani m'Chinyanja zomwe wamva, ntchito yaikulu anaimaliza kale, chatsala n'kuphunzira mawu atsopano. Amene sawerenga m'chinenero chilichonse ali ndi mavuto awiri, ndipo kum'thira Chizungu chokha sikuthetsa ngakhale limodzi. Funso lachiwiri ndi msinkhu wake, makamaka kuti mayeso a boma ali patali bwanji. Njira zonse zomwe ndiyerekeze pansipa ndiziyeza ndi mafunso awiriwa.

Kuyesako mungachitire pakhonde pomwe. M'patseni kope lake lakale, Baibulo kapena buku la nyimbo la m'chinenero chomwe ankaphunziriramo, awerenge mokweza mizere ingapo. Tsekani bukulo, mum'funse kuti nkhani yake inali yotani. Kenako mum'lembere masamu angapo opanda mawu, manambala okha: kuphatikiza, kuchotsa, kuchulukitsa, kugawa. Pakutha pa theka la ola mudzakhala mukudziwa zambiri kuposa zomwe report form yake ingakuuzeni.

Mapepala kaye

Musanayambe kuyendera masukulu, dziwani kuti mwanayo ndi ndani pamaso pa lamulo, chifukwa zitseko zina zimatseguka kapena kutsekeka pomwepo. Ngati atate kapena amayi ake ndi nzika ya Zambia, iyenso ndi nzika ngakhale anabadwira ku Blantyre kapena ku Durban, ndipo kuyambira 2016 malamulo a dziko amalola munthu kukhala nzika ya maiko awiri. Mabanja ena a m'malire amabisa mwana wotereyu ngati wolakwa, pomwe chofunika n'kupita ku ofesi ya ma NRC (zitupa za unzika) ndi umboni wa khololo. Akakwanitsa zaka 16 atenge NRC yake.

Ngati makolo onse awiri ndi akunja, nkhani ili m'manja mwa a Immigration, amene amapereka study permit kwa ophunzira ochokera maiko ena. Pitani nokha mukafunse, musatume munthu wa pakona amene akuti ali ndi mnzake mkati. Othawa nkhondo ali ndi lamulo lawolawo, Refugees Act ya 2017, ndipo amayang'aniridwa ndi ofesi ya Commissioner for Refugees mothandizana ndi UNHCR, bungwe la United Nations loona za othawa kwawo. Malo awo okhala ali kutali ndi kuno: Meheba ku North-Western, Mayukwayukwa ku Western ndi Mantapala ku Luapula, choncho banja lokhala m'tauni limafunika chilolezo chokhalira kunja kwa malowo. Zolandira ana othawa nkhondo si zachilendo m'chigawo chathu. Akuluakulu a cha ku Petauke akukumbukira Ukwimi, kumene anthu a ku Mozambique anakhala kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 mpaka nkhondo ya kwawo itatha mu 1992 n'kuyamba kubwerera.

Kusukulu adzafuna report form yomaliza, kalata ya transfer ngati ilipo, ndi chilichonse chosonyeza tsiku lobadwa, ngakhale khadi la ku sikelo. Zikakhala m'Chipwitikizi kapena m'Chifalansa pezani wozimasulira, koma pepala lenilenilo mulitenge limodzi. Makope akale musawayatsire mbaula. Nthawi zina ndi okhawo amene amatsimikizira a hedi kuti mwanayo anafika pati.

Sukulu ya boma: khomo lomwe ambiri ayenera kuyambira

Kuyambira Januwale 2022 maphunziro m'masukulu a boma ndi aulere mpaka kumapeto kwa sekondale. Kwa mwana amene ndi nzika nkhani ya fizi palibe. Kwa wakunja, dutsani ku ofesi ya a DEBS, oyang'anira masukulu a m'boma lanu, akuuzeni momwe lamuloli likum'khudzira musanamve za m'maluwa. Koma ubwino waukulu wa sukulu ya boma kwa mwana wobwera si ndalama ayi. Ndi Chinyanja. Kuyambira 2014 ana a Giredi 1 mpaka 4 ankaphunzira maphunziro onse m'chinenero cha m'dera, chomwe kuno ndi Chinyanja, chimodzi mwa zinenero 7 za m'masukulu a Zambia. Ndondomeko yatsopano yomwe inayamba mu 2025 yabwezera Chizungu patsogolo kuyambira m'makalasi oyambirira, koma ikulola mphunzitsi kufotokoza m'chinenero cha anawo pomwe sakumva. Ndipo aliyense amene anayimapo pawindo la kalasi m'makomboni a Kapata kapena Mchini akudziwa kuti mphunzitsi amanena m'Chizungu, n'kubwereza m'Chinyanja, ana n'kugwedeza mitu. Kwa mwana wa ku Mchinji kapena wa ku Angonia ku Tete, ndiye kuti theka la phunziro akulimva kuyambira tsiku loyamba.

Kwa amene sawerenga konse, funsani za Catch Up. Pologalamuyi inayesedwa koyamba mu 2016 m'maboma anayi, ndipo awiri mwa iwo anali athu, Chipata ndi Katete, enawo Monze ndi Pemba. Ana a Giredi 3 mpaka 5 amawayesa mmodzimmodzi n'kuwaika m'magulu potengera zomwe akutha, osati kalasi yawo: ena akadali pa zilembo, ena pa mawu, ena pa ndime, ena pa nkhani yathunthu, chimodzimodzinso masamu. Mwana wa zaka 11 amene anadukiza sukulu chifukwa chosamukasamuka amakhala ndi anzake a msinkhu wake m'kalasi, koma pa ola la Catch Up amayambira pomwe ali popanda womuseka, poti onse m'gululo ali pamodzimodzi. Palibe tuishoni ya m'komboni yomwe ndinaiona ikuposa zimenezi kwa mwana wosawerenga. Chofunika n'kufunsitsa ngati pasukulupo ikuchitikadi, tsiku liti ndi nthawi yanji, osati kungoti ili m'faelo.

Vuto lake tonse tikulidziwa. Maphunziro aulere atayamba ana anadzaza makalasi, ndipo ngakhale boma linalemba aphunzitsi opitirira 30,000 mu 2022, m'masukulu ambiri a m'tauni ena amalowa m'mawa, ena masana. M'kalasi yodzaza chonchi mwana wachete amasowa ali pomwepo. Amakopera zonse za pabolodi bwinobwino, zilembo zokongola, osamva kanthu, ndipo temu imatha palibe wazindikira.

Koma chomwe chimaononga ana ambiri obwera si kudzaza kwa kalasi, ndi kalasi yomwe awaikamo. Mnyamata wa zaka 13 amene kwawo anali m'chaka chachisanu ndi chimodzi cha sukulu amalephera kuyankha mafunso atatu a Chizungu mu ofesi, basi, "ayambe Giredi 2." Akakhala pa desiki ndi tiana tofika m'chiuno mwake, miyezi itatu siikwana. Mudzam'peza akuweta ng'ombe za munthu kudikira kuti adzam'patse kamwana ka ng'ombe pakatha zaka, kapena akupalasa njinga yonyamula anthu. Mtsikana ndiye akuluakulu amayamba kunong'onezana za ukwati. Maganizo anga ndi akuti mwana amene amawerenga m'chinenero china asabwezedwe kupitirira chaka chimodzi. Kholo mupemphe mwaulemu kuti am'yese masamu, ndipo am'lole kufotokoza m'Chinyanja zomwe akudziwa.

Pa masamupo pali kanthu kena koti aphunzitsi athu achenjere nako. Mwana wophunzira ku Mozambique kapena ku Congo salemba samu yogawa ngati ife. Nambala yogawidwa amaiika kumanzere, yogawira kumanja m'kakona, ndipo yankho limatsikira pansi pa yogawirayo, osati pamwamba pa mzere. Pomwe ife timaika kadontho, monga 2.5, iye amaika koma, 2,5. Mphunzitsi wotopa, makope ali mulu patebulo, amangoona zachilendo n'kudula ndi cholembera chofiira, chonsecho yankho ndi lolondola. Mwana uja amabwerera kunyumba atakhulupirira kuti ngakhale masamu omwe ankakhoza kwawo kuno sakuwadziwa. Mawu awiri okha kwa mphunzitsi wa kalasi tsiku loyamba amateteza zonsezi.

Wa ku Malawi zake ndi zopepuka koma zilipo. M'mabuku athu a Cinyanja adzapeza "cimanga" ndi "cakudya" pomwe iye anazolowera "chimanga" ndi "chakudya", ndipo pa mayeso amayembekezera kalembedwe ka kuno. Sabata ziwiri zimakwana kuzolowera. Chomwe chimatenga nthawi ndi Social Studies: iye akudziwa za Kamuzu Banda ndi mtsinje wa Shire, kuno am'funsa za Kenneth Kaunda, Kafue ndi zigawo 10 za Zambia. Mayina a makalasi nawonso amasokoneza. Ku Malawi pulayimale ndi zaka 8, ndiye Fomu 1 ndi chaka chachisanu ndi chinayi cha sukulu. Kuno Fomu 1 ya ndondomeko yatsopano yalowa m'malo mwa kalasi yomwe tinkaitcha Giredi 8. Musamangoti "anali Fomu 1, alowe Fomu 1" musanawerenge zaka zomwe waphunzira ndi kuona silabasi.

Kalendala ingakuthandizeni mukaigwiritsa bwino. Chaka cha sukulu kuno chimayamba mu Januwale, pomwe ku Malawi ndi ku Congo chimayamba mu Seputembala. Mwana amene wamaliza Sitandade 5 mu Julayi akhoza kulowa Giredi 5 m'temu yachitatu. Zambiri adzakhala akuzidziwa kale, choncho mutu wake udzakhala pa chinenero ndi kupeza anzake, ndipo pofika Januwale alowa Giredi 6 ali wa pakhomo. Wataya miyezi yochepa, osati chaka. Wa ku Mozambique alibe mwayi umenewu poti kwawonso amayamba kumayambiriro kwa chaka, choncho iye ndi bwino asamuke mu Disembala ngati banja lingathe kusankha nthawi.

Sukulu ya pulayiveti

Makolo amene ali ndi kangachepe amathamangira kuno, poganiza kuti komwe Chizungu chimalankhulidwa tsiku lonse mwana adzachitola msanga. Kwa ana ena n'zoona. Wobadwira ku Johannesburg adzamva zonse kuyambira tsiku loyamba. Wa ku Congo kapena Burundi amene sadziwa Chinyanja koma amawerenga bwino Chifalansa amapindulanso, chifukwa kusukulu ya boma akanalimbana ndi zinenero ziwiri zachilendo nthawi imodzi, pomwe kuno akulimbana ndi chimodzi, chomwenso mawu ake ambiri a m'mabuku amafanana ndi a Chifalansa. Kalasi ikakhala yaing'ono mphunzitsi amaona msanga kuti uyu watsalira.

Kwa mwana wa ku Tete amene chida chake chokha ndi Chinyanja, ndimakayika. Masukulu ena amaletsa chinenero cha makolo pabwalo, ena mpaka kulipiritsa kapena kupereka chilango. Mwam'landa chinthu chimodzi chomwe akanafunsira mnzake kuti "apa akuti chiyani?" Ndipo ngati sawerenga n'komwe, mudzalipira matemu atatu kuti aloweze nyimbo ndi moni wa Chizungu, alendo akabwera muzinyadira, koma buku likadali lotseka.

Dzina lakuti pulayiveti limaphimba zinthu zosiyana kwambiri, kuyambira sukulu ya mpanda ndi basi yake mpaka nyumba ya zipinda zitatu yopakidwa utoto wowala. Funsani zinthu zitatu: ngati inalembetsedwa ku Unduna wa Maphunziro, ngati aphunzitsi ali ndi ziphaso za Teaching Council of Zambia, ndi komwe ana ake amakalembera mayeso a Examinations Council of Zambia (ECZ). Yankho la chachitatuchi likakhala lozungulira, tulukani. Werengeraninso fizi ya chaka chonse, osati ya temu imodzi, chifukwa mwana wosamuka kale dziko kum'chotsanso pakati pa chaka n'kum'yambitsanso ulendo. Za masukulu otchuka ngati Chizongwe kapena St Monica's, amenewo amasankha potengera zotsatira za mayeso, choncho ndi komwe mwana angalinge, osati komwe angayambire.

Masukulu a m'mudzi oyendetsedwa ndi makolo kapena mpingo, aja timati ma community school, sindikhalitsapo. Ali pafupi, savuta kwambiri pa yunifolomu ndi msinkhu, ndipo kwa banja la pafamu ya fodya kutali ndi msewu nthawi zina ndi okhawo alipo. Ena amaphikanso phala, poti Mary's Meals, yomwe ana a ku Malawi akuidziwa kale, ikugwira ntchito m'chigawo chino kuyambira 2014. Koma aphunzitsi ena ndi ongodzipereka ndipo makalasi apamwamba sapezeka paliponse. Atengeni ngati poyambira, mukudziwa kale sukulu yomwe mwana adzapitirire.

"Ayambe waphunzira Chizungu kunyumba"

Njira iyi imamveka yanzeru ndipo ndi yomwe ndimaikana kwambiri. Mwana amakhala pakhomo miyezi isanu ndi umodzi, akupita ku tuishoni ola limodzi madzulo, kudikira kuti "akonzeke." Tsiku lonse amatunga madzi, kulera mwana, kukhala mushopu. Kukonzekako sikufika. Katswiri wa ku Canada, Jim Cummins, anasonyeza kalekale kuti mwana wobwera amatola chinenero chochezera m'zaka pafupifupi ziwiri, koma chinenero cha m'mabuku ndi mayeso chimatenga zaka 5 mpaka 7. Palibe banja lingasunge mwana pakhomo zaka zonsezo, ndipo chinenero cha m'mabukucho amachiphunzira ali m'kalasi momwemo, akulimbana ndi sayansi ndi mbiri.

Kafukufuku yemweyu akutichenjezanso mbali ina. Mwana akayamba kulankhula Chizungu chothamanga ndi anzake pakatha chaka, makolo amati basi watha, n'kusiya kum'thandiza. Kenako zotsatira za mayeso zimawadabwitsa. Kucheza ndi kuyankha funso lolembedwa ndi ntchito ziwiri.

Masabata oyamba mwana akhoza kukhala duu m'kalasi, osatsegula pakamwa. Musachite mantha n'kum'chotsa. Mbande ya fodya ikangowokedwa kuchoka ku nazale imafota masiku angapo, mizu ikugwira pansi. Iye akumvetsera.

Tuishoni ili ndi malo ake, koma ngati chowonjezera pa sukulu, osati cholowa m'malo mwake. Ndipo si iliyonse. Ija ya ana makumi atatu pansi pa mtengo wa mango akukopera ma past paper siimuthandiza mwana wobwera, ndi kalasi yodzaza inanso yomwe mukulipira. Yothandiza ndi ya munthu amene akudziwako chinenero chakale cha mwanayo. Wa Chifalansa mungam'peze pakati pa aphunzitsi a ku sekondale komwe amaphunzitsa phunziroli, kapena m'mipingo momwe mumasonkhana anthu a ku Congo. Wa Chipwitikizi funsani kwa amene anakhalako ku Tete, ndipo cha ku Katete ndi Chadiza sasowa. Ntchito yake ikhale iwiri. Yoyamba, kutsegula buku la kusukulu n'kudutsa phunziro la mawa lero, kuti mwana akalowa m'kalasi mawu akuluakulu akhale atawamvapo. Yachiwiri, kum'phunzitsa mawu omwe mafunso amagwiritsa ntchito, monga explain, compare, underline ndi give a reason, chifukwa ana ambiri obwera amalakwa funso lomwe yankho lake akulidziwa. Mayeso a Giredi 7 ndi osankha yankho pa mayankho opatsidwa, choncho kumva funso ndiye nkhondo yonse.

Kum'siya amalize kwawo

Njira imeneyi anthu saitchula kawirikawiri, mwina poona ngati kutaya mwana, koma kwa ena ndiyo yabwino koposa. Ngati ali Sitandade 8 kapena Fomu 4 ku Malawi, mayeso a boma la kumeneko, a MANEB, ali pafupi, aphunzitsi akum'dziwa, silabasi ili m'mutu. Kum'zula pamenepo n'kum'bweretsa kuno ndiye kuti wataya zonse ziwiri. Kalembera wa mayeso a ECZ amatsekedwa chaka chikadali kumayambiriro, ndipo mbali ina ya mamakisi imachokera ku ntchito zomwe mwana amachita kusukulu m'zaka za m'mbuyo, zomwe wobwera mochedwa alibe. Koma akabwera ndi satifiketi ya PSLCE (yomalizira pulayimale) kapena MSCE (yomalizira sekondale) m'manja, a ECZ amatha kuiyerekeza ndi ya kuno, ndipo za makoleji ndi ntchito pali Zambia Qualifications Authority. N'chimodzimodzi ndi wa ku Mozambique amene watsala chaka chimodzi kuti amalize kalasi ya 12.

Kwa ife a m'malire si ulendo woopsa. Mchinji ili pafupi kuposa Petauke, ndipo mabanja ambiri ali ndi abale mbali zonse ziwiri, monga timaonera pa Kulamba ku Mkaika mu Ogasiti, Achewa a maiko atatu atadzaza bwalo limodzi. Funso lenileni ndi lakuti atsala ndi yani. Mtsikana wa zaka 14 wosiyidwa kwa achibale amene ali ndi ana awoawo amasanduka wantchito mosavuta, ndipo ndalama zomwe mumatumiza sizifika zonse ku makope. Ngati palibe munthu amene mungam'khulupirire ndi mtima wonse, bwerani naye, ataye chaka koma ali pamaso panu. Zoti azidutsa malire tsiku ndi tsiku m'tinjira ta kumunda si dongosolo ayi, dzinja likafika zimatha zokha. Ndipo kwa mwana wa Sitandade 3 kapena 4 njira iyi ilibe phindu lililonse, ang'onoang'ono amazolowera msanga kuposa tonsefe.

Wa zaka 16 kupita m'tsogolo

Apa ndiye povuta, ndipo apa ndi pomwe achinyamata ambiri obwera amatayikira. Msinkhu wapita, pulayimale sangabwerere, mayeso a sekondale ali m'Chizungu cholemba ndime zazitali.

Amene anafika patali kwawo ndipo amawerenga bwino, alowe sekondale ya masana, kalasi imodzi kumbuyo, makamaka kalasi yomwe si ya mayeso, kuti akhale ndi zaka ziwiri kapena kuposa asanalembe. Akambirane ndi aphunzitsi a guidance posankha maphunziro. Wa ku Congo akapeza sukulu yophunzitsa Chifalansa watola phunziro limodzi laulere, wa ku Malawi ndi wa ku Tete asanyoze Cinyanja, chimawerengedwa pa satifiketi ngati phunziro lina lililonse.

GCE, mayeso omalizira sekondale omwe munthu amalembetsa payekha, ndi ya amene sangakhale m'kalasi tsiku lonse kapena amene ali kale ndi satifiketi ya kwawo koma ikupelewera. Amalembetsa phunziro lililonse palokha, amalipira yekha poti maphunziro aulere safika kumeneko, ndipo amalemba chapakati pa chaka. Ubwino wake ndi wakuti akhoza kuyamba ndi maphunziro awiri omwe ali nawo mphamvu, monga masamu, n'kusiya Chizungu chikhwime. Makoleji ambiri amafuna ma credit asanu kuphatikizapo Chizungu, choncho ndi ulendo wa zaka, osati wa miyezi. Kuipa kwake ndi kusungulumwa. Wa GCE amaphunzira yekha kapena m'kagulu ka madzulo, alibe bwalo la mpira kapena anzake a m'kalasi omwe akanam'phunzitsa chinenero mosadziwa. Kwa amene wangofika kumene, Chizungu chikadali chochepa, ndimati ayambe wadikira.

Ntchito zamanja anthu amaziona ngati za olephera, koma kwa mnyamata kapena mtsikana wa zaka 18 wosamva Chizungu ndi komwe chinenero chimabwera msanga, chifukwa mawu aliwonse ali ndi chinthu chake chogwirika: sipanala, waya, tepi, njerwa. Chipata Trades Training Institute ndi malo ena ovomerezeka ndi TEVETA, bungwe loyang'anira maphunziro a ntchito zamanja, ali ndi maphunziro a trade test (mayeso a umisiri) omwe safuna satifiketi ya Giredi 12. Kwa amene ali ndi NRC, ndalama za CDF, zija za chitukuko cha m'dera la phungu, zili ndi gawo lolipirira achinyamata maphunziro a luso, ndipo mafomu amadzera ku Ward Development Committee ya kwanuko. Apa mukuona chifukwa chake ndinayamba ndi mapepala. Kuphunzira kwa mmisiri wa m'komboni n'kotchipa ndipo amayamba mawa lomwe, koma pamapeto palibe pepala, pokhapokha akadzalembetsa trade test payekha. Othawa nkhondo amene akhoza bwino sekondale afunse ku UNHCR za thandizo la DAFI lopitira ku yunivesite.

Mtsikana amene wabwera ndi mwana kumsana asauzidwe kuti zake zinatha. Kuyambira 1997 Zambia ili ndi lamulo lolola mtsikana kubwerera kusukulu atabereka. Ndipo wamkulu amene sanaphunzirepo kuwerenga, makalasi a akuluakulu aja ena amati shibukeni, a ku Malawi amati sukulu ya kwacha, ndi poyambira popanda manyazi.

Za kunyumba

Makolo ena amalamula kuti kuyambira lero m'nyumba muno Chizungu chokha, chonsecho iwo eni Chizungu chawo n'cha pamsika. Zotsatira zake nyumba imangoti zii. Pitirizani kulankhula naye Chiswahili, Kirundi, Chipwitikizi kapena chilichonse chomwe mumakambiramo zakuya, ndipo mum'funse m'chinenero chomwecho zomwe waphunzira lero. Akakufotokozerani kayendedwe ka magazi m'Chiswahili ndiye kuti wamva. Wailesi ya Breeze FM kapena Radio Maria ikamalira m'nyumba imathandiza khutu la amene sadziwa Chinyanja, kwaya ya kutchalitchi ndi timu ya mpira ya m'komboni zimaposa pamenepo. Foni ndi yabwino pomasulira liwu limodzi kapena awiri, koma bandulo yomwe mwagulira maphunziro imathera pa TikTok ngati palibe wamkulu pafupi.

Wobadwira ku Johannesburg uja musamuiwale poti Chizungu akuchidziwa. Iye vuto lake ndi pepala la Cinyanja ndi kusekedwa pabwalo. M'tumizeni kumudzi pa holide ya Epulo kapena ya Ogasiti, kwa agogo amene sadzam'yankha m'Chizungu.

Njira iliyonse yomwe mwasankha, temu yoyamba ikatha musangoyang'ana nambala yomwe wakhala m'kalasi, poti wobwera kumene amakhala kumunsi ndithu. Tsegulani makope. Onani ngati akuchongedwa, ndipo muone ngati muli ziganizo zomwe walemba yekha, ngakhale zokhotakhota, osati zokopera pabolodi zokha. M'funseni dzina la mnzake amene amakhala naye pa desiki. Ngati makope ndi osachongedwa ndipo dzina palibe, pitani mukaonane ndi mphunzitsi wa kalasi sabata yoyamba ya temu yachiwiri, mupemphe kuti mwanayo akhale kutsogolo pafupi ndi wina wolankhula chinenero chake. Zikapanda kusintha pofika pakati pa temuyo, yambani kufunsa malo kusukulu ina.